Mutu 7: Vinyo Wofiira Wopepuka ndi Minda ya kwa Kanduku

Katundu wambiri wochokera ku South Africa amalowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Mwanza. Malole amanyamuka ku Johannesburg, kudutsa m'dziko la Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera mtunda wa ku Zobue, kenaka n'kutsetsereka ndi msewu wa M6 mpaka pa Zalewa. M'katunduyo mumakhalanso makatoni a vinyo wa ku Stellenbosch, Paarl ndi Robertson, wopita m'masitolo ndi m'mahotela a ku Blantyre ndi Lilongwe. M'mbali mwa msewu womwewo, miyezi ya chisanu, alimi a kwa Kanduku ndi kwa Nthache amakhala ataunjika manachesi m'madengu ndi m'mabeseni, kudikira kuti basi iime. Zipatso zikachuluka mtengo umagwa, mavenda amagula m'mene afunira, ndipo zotsala zimaolera pansi pa mitengo.

Dera la Inkosi Kanduku limatchuka ndi manachesi, nandolo ndi mbatata, osati mphesa. Komabe padziko lapansi pali mtundu wina wa vinyo umene ukukondedwa kwambiri masiku ano, ndipo sufuna fakitale kapena esiteti yaikulu. Ndi vinyo wofiira wopepuka, wopangidwa ndi banja limodzi kuchokera ku mphesa za m'kamunda kake, zolimidwa ndi manyowa, popanda kuthiramo chilichonse chochokera kusitolo. Amamutcha vinyo wachilengedwe. M'mutu uno tiona momwe vinyoyu amapangidwira, kumene anachokera, ndi zimene mlimi wa kwa Kanduku angatolepo.

Chimene chimachitika m'mbiya

Mayi aliyense amene anaphikapo thobwa amadziwa kuti likagona masiku angapo limayamba kuchita thovu, kutsekemera kumachepa, ukali n'kulowa. Ntchito imeneyi amagwira ndi yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga n'kutulutsa zinthu ziwiri: mowa ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene ndi thovu lija. Wasayansi wa ku France, Louis Pasteur, ndiye anaonetsa poyera cha m'ma 1857 kuti kuwira kotere kumachitika chifukwa cha zamoyo, ngakhale kuti anthu anali atafulula mowa zaka zikwizikwi asanabadwe.

Mphesa ili ndi mwayi umene chimanga ndi mapira zilibe. Chimanga chimafuna chimera kuti ufa wake usanduke shuga, pamene mphesa yakupsa imakhala nayo kale shuga wokwanira, pafupifupi magalamu 180 mpaka 240 pa lita imodzi ya madzi ake. Ilinso ndi kuwawasa kokwanira kuteteza madziwo ku tizilombo toononga, ndipo yisiti amapezeka kale pakhungu la chipatsocho ndi m'malo ofululiramo. Kawerengedwe ka mowa n'kosavuta: magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita amapereka peresenti imodzi ya mowa. Choncho mphesa za shuga wokwana magalamu 190 zimatulutsa vinyo wa maperesenti 11, pamene zopsa kwambiri za magalamu 240 zimafika pa 14.

Kufiira ndi kupepuka

Mukafinya mphesa yakuda ndi zala, madzi ake amatuluka oyera. Kufiira konse kuli m'khungu. Vinyo amafiira chifukwa chakuti wopanga amasiya makungu ndi njere m'madzimo pamene akuwira. M'makungu ndi m'njere mulinso tanini, chinthu chimene chimamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Makungu akakhalitsa m'madzi milungu itatu kapena inayi, vinyo amada, amalemera, ndipo amafunika kusungidwa zaka kuti afewe. Akachotsedwa patatha masiku 4 mpaka 7, vinyo amakhala wofiira mowala, woonekera mukamuyang'anitsa padzuwa, wonunkhira zipatso, ndipo amamwedwa chaka chomwecho.

Vinyo wopepuka, tsono, amadziwika ndi zinthu zitatu: mowa wochepa, kawirikawiri maperesenti 10 mpaka 12, tanini wochepa, ndi kuwawasa kotsitsimula kumene kumabwera chifukwa chothyola mphesa zisanapsetse. Mitundu ina ya mpesa imachita bwino pa ntchitoyi chifukwa khungu lake ndi lopyapyala kapena lili ndi tanini wochepa, monga Gamay wa ku Beaujolais, Pinot Noir wa ku Burgundy, ndi Cinsault amene wakhala m'minda ya ku South Africa zaka zoposa 100. Cinsault amapirira kutentha ndi chilala, ndipo ndi mmodzi wa makolo a Pinotage, mtundu umene Abraham Perold anaupanga m'chaka cha 1925 pokwatitsa Cinsault ndi Pinot Noir. Vinyo wotere amakoma akazizira pang'ono, ndiye chifukwa chake amayenerana ndi dziko lotentha kuposa vinyo wolemera.

Njira yakale imene inabwereranso

Umboni wakale kwambiri wa vinyo wa mphesa unapezeka m'dziko la Georgia, m'mapale a mbiya za zaka pafupifupi 8,000. Mpaka lero anthu a kumeneko amafulula vinyo m'mitsuko ikuluikulu yadothi yotchedwa qvevri, imene amaikwirira pansi kuti isatenthe, ndipo bungwe la UNESCO linazindikira luso limeneli m'chaka cha 2013 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Kum'mwera kwa Africa kuno vinyo woyamba anafinyidwa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ulimi wa mpesa unasintha. Kunabwera feteleza, mankhwala opha udzu, yisiti wa m'mapaketi ndi zina zambiri zokonzera mtundu, fungo ndi kakomedwe. Zokolola zinachuluka, koma vinyo wa madera osiyanasiyana anayamba kufanana kakomedwe. Ku Beaujolais kunali munthu wina, Jules Chauvet, amene anabadwa mu 1907 n'kumwalira mu 1989. Anali wogulitsa vinyo komanso katswiri wa sayansi ya zofulula, ndipo ankaphunzitsa kuti mphesa zathanzi, zothyoledwa ndi manja kuchokera m'nthaka yamoyo, zingathe kuwira zokha popanda chothandizira. Mlimi wa ku Villié-Morgon, Marcel Lapierre, anatsatira malangizowo kuyambira cha m'ma 1981, pamodzi ndi anzake Jean Foillard, Guy Breton ndi Jean-Paul Thévenet. Kuchokera m'midzi imeneyi maganizowo anafalikira ku Italy, Spain, Japan, Australia mpaka ku Swartland ku South Africa.

M'chaka cha 2020 dziko la France linavomereza chizindikiro chotchedwa Vin Méthode Nature. Kuti botolo lilandire chizindikirochi, mphesa ziyenera kukhala zolimidwa popanda mankhwala a m'fakitale, zothyoledwa ndi manja, zowira ndi yisiti wachilengedwe, ndipo salufa woteteza vinyo asapitirire mamiligalamu 30 pa lita. Poyerekeza, malamulo a European Union amalola mamiligalamu 150 mu vinyo wofiira wamba ndi 100 mu vinyo wofiira wa mphesa zolimidwa ndi manyowa. Apa pali phunziro lalikulu la mutu uno. Munthu amene wasankha kusathira chilichonse alibe pothawira. Mphesa zikaola, alibe mankhwala obisira fungo. Chiwiya chikakhala chauve, alibe chophera tizilombo. Vinyo wachilengedwe amafuna chisamaliro choposa cha vinyo wa m'fakitale, ndipo chisamalirocho chimayambira kumunda.

Munda wa manyowa

Mpesa sufuna nthaka yachonde kwambiri. Pa nthaka yonona umangochulutsa masamba, zipatso n'kukhala zamadzimadzi. Umakonda malo otsetsereka, a miyala kapena mchenga, osadikha madzi, olandira dzuwa tsiku lonse ndi kamphepo koumitsa masamba. Malo otere ndi ambiri m'zitunda za ku Mwanza, ndipo nthawi zambiri ndi omwe chimanga chimakanika.

Zambiri zofunika pa munda wotere mlimi wa manachesi amazidziwa kale. Amadziwa kukumba mayenje, kuthira manyowa a khola ndi kompositi, kuphimbira nthaka ndi udzu, kumezanitsa mbande ndi kudulira nthambi. Amadziwa kuti nandolo ndi nyemba zina zimabwezeretsa chonde, ndipo kuti vetiva amagwira nthaka m'migula. Madzi a masamba a nimu kapena a ombwe amathandiza kuthamangitsa tizilombo. Chiswe ndi mdani wa mbande zazing'ono ndi mitengo yoyangira, choncho udzu wophimbira usagunde tsinde. Mbalame nazo zimadziwa tsiku limene mphesa zatsekemera, ndipo kamunda kakang'ono kamatetezeka ndi ukonde.

Mpesa umabereka zipatso zoyamba zoyenera vinyo m'chaka chachitatu, ndipo ukasamalidwa umakhala zaka makumi ambiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa kota ya ekala, mizere ikatalikirana mamita 2.5 ndipo mbande zikatalikirana mita 1.5, pamalowa mipesa pafupifupi 265. Mpesa uliwonse ukapereka makilogalamu 2, zokolola zimakhala makilogalamu 530. Kilogalamu imodzi imatulutsa vinyo wopitirira pang'ono theka la lita, kutanthauza kuti kamundako kangadzaze mabotolo a mamililita 750 pafupifupi 400. Ndi ntchito yotheka ndi banja limodzi, yopanda thirakitala.

Vuto la mvula ndi yankho lake

Minda yambiri ya mpesa padziko lapansi ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kuchokera ku ikweta, kumene kumazizira kwambiri mpaka mpesa kuyoyola masamba n'kugona, ndipo zipatso zimapsa m'nyengo yotentha yopanda mvula yambiri. Mwanza ili pa madigiri pafupifupi 15 kum'mwera. Kuno mpesa ukasiyidwa wokha umaphuka kukayamba kutentha mu Sepitembala, ndipo zipatso zimapsa mu Disembala ndi Januwale, mvula ili pakati. Zotsatira zake ndi mphesa zong'ambika, zowola, za shuga wochepa, ndi masamba ogwidwa ndi chuku. Alimi a manyowa amaloledwa kupopera salufa ndi msakanizo wa kopa ndi laimu umene Alexis Millardet anaufalitsa ku Bordeaux mu 1885, koma mvula ya tsiku ndi tsiku imatsuka mankhwalawo, ndipo kopa akachuluka amaononga nthaka.

Maiko ena otentha anapeza njira. Ku Dodoma, m'dziko la Tanzania, kumene amishoni a Chikatolika anabweretsa mpesa, alimi amakolola kawiri pachaka, ndipo mphesa zabwino kwambiri ndi za mu Ogasiti ndi Sepitembala, kukauma. Kumeneko kuli mtundu wofiira wotchedwa Makutupora, ndipo ku Hombolo kuli fakitale ya CETAWICO imene imagula mphesa kwa alimi ang'onoang'ono.

Chitsanzo choyandikana kwambiri ndi nyengo yathu chili ku Minas Gerais, m'dziko la Brazil, kumene mvula imagwa miyezi yomwe imagwa kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, katswiri wa bungwe la kafukufuku la EPAMIG, Murillo de Albuquerque Regina, anakhazikitsa njira yodulira mpesa kawiri. Cha mu Ogasiti amadulira koyamba, mpesa n'kuphuka, koma matsango onse amene atuluka amawathothola akadali aang'ono. Mu Januwale kapena Febuluwale amaduliranso. Mpesa umaphuka kachiwiri, umachita maluwa mvula ikupita kumapeto, ndipo zipatso zimapsa pang'onopang'ono mu Meyi, Juni ndi Julayi, masana kuli dzuwa, usiku kukuzizira, kumwamba kuli mbee. Kuzizira kwa usiku kumasunga kuwawasa kwa chipatso ndi kufiira kwa khungu, zinthu ziwiri zimene vinyo wopepuka amadalira. Mlimi wa kwa Kanduku amene angafune kuyesa mpesa ayambire pa kalendala imeneyi, ndi mbande zochepa za mitundu ingapo, mothandizana ndi alangizi a zaulimi ndi akatswiri a zipatso a ku Bvumbwe Research Station, aone mtundu umene ukugwirizana ndi munda wake.

Kuchokera kumunda kufika m'botolo

Mphesa zimathyoledwa m'mamawa kusanatenthe, n'kuikidwa m'madengu osazama kuti zapansi zisaphwanyike. Tsango lililonse limayang'anidwa m'manja, ndipo mphesa yowola kapena yojomphedwa ndi mbalame imachotsedwa imodziimodzi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma ndi imene imalowa m'malo mwa mankhwala. Kenaka zipatso zimaphwanyidwa mopepuka, mosaswa njere, n'kuthiridwa mu chidebe choyera cha pulasitiki yosungira zakudya kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri, pakamwa pake n'kumangapo nsalu yoyera. Chidebe chimene munakhalapo mafuta a galimoto, feteleza kapena mankhwala a mbewu chisayandikire n'komwe.

Patatha tsiku limodzi kapena atatu, mukatchera khutu pa chidebecho mumamva kuthetheka, fungo la zipatso ladzaza m'nyumba, ndipo makungu ayandama pamwamba n'kupanga chikhakha chochindikala. Kawiri patsiku wopanga amakankhira makunguwo pansi ndi mthiko woyera kuti asaume ndi kuchita chuku. Kutentha koyenera ndi madigiri 20 mpaka 28. Kukapitirira 35 yisiti amafooka, kuwira kumaima shuga asanathe, ndipo tizilombo tina timalowerera. Apanso miyezi ya Juni ndi Julayi ikutikomera: ntchito imene mu Okutobala ingafune firiji, m'chisanu imatheka m'chipinda chozizira cha nyumba ya udzu.

Chida chimodzi chokha n'chofunika kugula, kagalasi koyandama kotchedwa hydrometer. Kakaviikidwa m'madzi a mphesa asanawire n'kuonetsa 1.085, mwini wake amadziwa kuti vinyo adzakhala wa maperesenti 11 kapena kupitirirako pang'ono. Tsiku ndi tsiku nambalayo imatsika, ndipo ikafika pansi pa 1.000 ndiye kuti shuga watha. Kuthira m'botolo vinyo amene shuga wake sanathe n'koopsa, chifukwa amapitiriza kuwira mpaka botolo kuphulika.

Mtundu ukafika pamene wopanga akufuna, amasefa ndi kufinya makungu, vinyo n'kulowa m'chigubu chodzaza mpaka m'khosi. Pachivundikiro amaboola n'kulowetsa kapaipi kamene mbali ina imamira m'botolo la madzi, kuti mpweya wa m'kati uzituluka koma wakunja usalowe. Kuyambira pamenepa mdani wamkulu ndi mpweya wa okosijeni pamodzi ndi tintchentche ta zipatso, popeza zimenezi ndi zimene zimasandutsa vinyo kukhala viniga. M'milungu yotsatira mabakiteriya ena abwino amafewetsa kuwawasa, nsenga zimakhazikika pansi, ndipo vinyo woyera bwino amakokedwa ndi paipi kupita m'chigubu china. Patatha miyezi 4 mpaka 6 amakhala wokonzeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Beaujolais ali ndi njira inanso yopezera vinyo wofewa. Amaika matsango athunthu, osaphwanya, m'thanki yotsekedwa yodzaza ndi kaboni dayokisaidi. Mphesa iliyonse imayamba kuwira m'kati mwake mpaka kufika maperesenti pafupifupi 2 a mowa, kenaka amazifinya kuti yisiti amalize ntchito. Vinyo wake amakhala wa tanini wochepa kwambiri ndi fungo lamphamvu la zipatso.

Nanga zipatso zathu?

Amalawi anayamba kale kupanga vinyo ndi zipatso za kuno. Ku Lilongwe, banja la Timothy ndi Margaret Ngwira linayambitsa vinyo wa Linga wochokera ku jambula, mabulosi, mapulamu, sitiroberi, magwafa, mapichesi ndi chidede. Ku Karonga, gulu la Twitule, limene ambiri mwa mamembala ake ndi amayi, limapanga vinyo wa nthochi zimene zikanangoola chifukwa cha kutentha. Pafupi ndi Mwanza, kwa Kam'mwamba m'boma la Neno, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, anthu anaphunzira kupanga juwisi wa malambe ndi bwemba, ndipo mitengo imene ikanapita ku makala inasanduka chuma choyenera kutetezedwa.

Zipatso zimenezi zimasiyana ndi mphesa pa chinthu chimodzi chachikulu. Mwachitsanzo, madzi a manachesi ali ndi shuga pafupifupi magalamu 100 pa lita, theka la wa mphesa, ndipo paokha angangopereka maperesenti 5 kapena 6, mowa wosakwanira kuteteza chakumwacho kuti chisasase. Pamafunika kuonjezera shuga kapena uchi. Njere ndi makoko a manachesi zimawawitsa madzi, choncho ziyenera kuchotsedwa msanga. Kufiira kungachokere ku chidede, jambula kapena mabulosi. Chakumwa chotere chikhoza kukhala chokoma ndi chopepuka, ndipo chili ndi ulemu wake, koma pabotolo palembedwe zoona: vinyo wa manachesi ndi chidede, wothira shuga, wa maperesenti akutiakuti. Mphamvu yonse ya vinyo wa m'minda ing'onoing'ono ili pa chikhulupiriro chakuti zimene zalembedwa ndi zimene zili m'kati.

Malamulo ndi moyo wa munthu

Wofuna kugulitsa vinyo ayenera kukhala ndi chilolezo cha khonsolo ya boma lake, ndipo chakumwacho chiyesedwe ndi Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Kwa mlimi mmodzi ndalama zake ndi zolemetsa, koma gulu la alimi khumi kapena makumi awiri lingathe kugawana chipinda chimodzi chaukhondo, zida zoyezera, mabotolo ndi chilolezo.

Mowa wa mu vinyo wachilengedwe ndi womwewo umene uli mu masese ndi kachasu. Bungwe la World Health Organization linanena mu Januwale 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ulibiretu chiopsezo pa thanzi. Mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 18, woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza, ndi munthu amene ali pa mankhwala osagwirizana ndi mowa, asamwe. Kupepuka kwa vinyo sikutanthauza kuti munthu amwe wambiri. 

Boma la Mwanza, limene kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 130,000, lili ndi zitunda zotsetsereka, chisanu chouma, alimi odziwa mitengo ya zipatso, ndi msewu waukulu wopita kumisika. Zofunika kuonjezera ndi zitatu: kusuntha nthawi yokolola kuti ichoke m'dzinja, kusunga ukhondo wosanyengerera, ndi kuyeza m'malo moganizira. Mlimi amene angabzale mipesa 20 chaka chino, n'kumalemba m'kope tsiku lodulira, tsiku la maluwa ndi shuga wa zipatso zake, pakutha pa zaka zitatu adzakhala ndi yankho lochokera m'munda mwake lonena ngati nthaka ya kwa Kanduku ingabereke vinyo wakewake, ndipo anzake a m'mudzi adzakhala ndi poyambira.